Mvula ya Masiku Asanu ndi Atatu

Lachinayi, pa 22 Ogasiti 1996, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndinali pampando wachitsulo mu ofesi ya atate anga, ndikudikira kuti magetsi ayakenso. Kompyuta inali patsogolo panga, titaifunditsa nsalu ya patebulo chifukwa cha fumbi. Kunja mphepo inkamenyetsa zitseko za shedi yosungiramo mtedza. Mumtima ndinkapempha kuti magetsiwo asayake tsiku lonse.

Ndinali mu Giredi 11, ndipo imeneyo inali sabata yachitatu ya tchuthi. Atate anali kalaliki pamalo ofufuzira za mbewu, kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Ntchito yawo yaikulu inali ya mvula. Tsiku lililonse, eyiti koloko yeniyeni, ankapita kuseri kwa ofesi kumene kunali chitini choyezera mvula chotchingidwa ndi waya. Ankakhuthulira madziwo m'kabotolo kagalasi ka mizeremizere, n'kusuzumira, n'kulemba nambala m'buku lalikulu lachikuto chakuda. Ngakhale Lamlungu ankayamba kaye kumeneko asanapite kutchalitchi. Kukapanda mvula ankalemba ziro. Nyengo ikatha ankatenga pepala la timabokosi, lula ndi pensulo yosongoka ngati singano, n'kujambula galafu ya mvula ya chaka chonse, kamzati kamodzi tsiku limodzi. Ine ndinakula ndikuwasongolera mapensulo amenewo. Pamalopo aliyense ankadziwa kuti buku la atate lilibe mpata. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, panalibe tsiku losalembedwa.

Chaka chimenecho kunamveka kuti antchito achepetsedwa, ndipo mwa makalaliki atatu atsala mmodzi. Mu Epulo kunabwera mkulu watsopano, mayi wophunzira kwambiri za mbewu, amene onse ankangoti Adokotala. Iwo ananena kuti magalafu a pensulo atha ntchito, lipoti la chaka chino lifuna ojambulidwa ndi kompyuta. Ananenanso mawu ena amene atate anabwera nawo kunyumba, n'kuwabwereza pa chakudya ngati kuti akuwakonda: "Mpata ndimakhululuka, koma nambala yopeka ayi."

Atate anabwereka buku lofotokoza za pulogalamu yojambulira magalafuyo, lofotokopedwa, masamba ena oderako m'mbali. Analiwerenga masiku anayi atavala mandala, milomo ikuyenda. Tsiku lachisanu analiika pambali pa mbale yanga.

"Mwanawe, Chingerezi cha m'bukuli si chimene tinaphunzira ife. Taona, kapena iwe umvapo kanthu."

Umo ndi mmene ndinayambira kukwera pakaliyala ya njinga yawo m'mawa uliwonse. Tsiku loyamba kalaliki wina atandiona ndikulowa anaseka.

"Achikulire, lero mwabwera ndi loya?"

"Ndabwera ndi mandala atsopano," atate anayankha. "Akalewa atopa."

Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga. Ndinali mwana wotere. M'kalasi ndinkadziwa mayankho koma sindinkakweza dzanja, ndipo aphunzitsi akanditchula mawu ankathera pakhosi. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku, kamene ndinkabisa m'chikwama cha pilo.

Chinenero cha pulogalamuyo chinali cha mawu ochepa. Dzanja silinkajambula kanthu. Unkalemba malamulo m'fayilo, mzere umodzi lamulo limodzi: mutu wa galafu ukhale wakuti, mzere wogona ukhale wa masiku, woimirira ukhale wa mamilimita, tenga manambala m'fayilo yakutiyakuti, ujambule timizati. Ukatha, unkauza kompyuta kuti iwerenge zimene walembazo. Ikakhutira, galasi lake linkada kaye pang'ono, kenako galafu n'kutulukira. Ikapanda kukhutira inkalemba mzere umodzi wodandaula, ndi kachizindikiro koloza pamene yapunthwa.

Masiku atatu oyamba inkangopunthwa. Ndinkaiwala kutseka tizizindikiro tiwiri tozungulira dzina la fayilo. Ndinkasiya mpata posayenera. Tsiku lina magetsi anazima ndisanasunge ntchito pakadisiki, ndipo manambala a miyezi inayi amene ndinatayipa ndi zala ziwiri anangopita. Ndinakalirira kuchimbudzi, n'kusamba kumaso, n'kuyambiranso. Komabe ndinayamba kuikonda. Inkandiuza kuti ndalakwitsa popanda kuseka, ndipo sinkafuna kuti ndikweze mawu.

Atate ankakhala pambali panga, buku lakuda lili pamiyendo, akundiwerengera manambala. Nthawi zina ndinkawasiyira mpando. Iwo anazolowera tayipi yakale imene inalibe batani la wani, choncho ankalemba chilembo chofanana naye, ndipo m'malo mwa ziro ankagogoda O. Pagalasi zinkaoneka bwinobwino, koma kompyuta inkakana.

"Chikukana chiyani? Si ziro uyo?"

"Atate, ameneyo ndi O."

"Zaka zonsezi mabwana atatu awerenga O wanga osadandaula. Ichi chabwera dzulodzuloli chikufuna kundiphunzitsa?"

Panalinso masiku amene mvula inkangowaza, yosakwana kuyeza, ndipo atate ankalemba zilembo ziwiri zosonyeza kuti kunali timadontho chabe. Kompyuta ikafika pamenepo inkaima. Tinakafunsa Adokotala, kapena ndinene kuti atate anakafunsa ine nditabisala kumbuyo kwawo, ndipo anatiuza nambala yaing'ono yoika m'malomo. Galafu yanga yoyamba ndinaiyambira pa Januwale mpaka Disembala, monga kalendala. Mvula inaunjikana kumbali ziwiri, pakati pali pululu. Atate anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Wadula dzinja pakati ngati mbatata. Mlimi sayamba chaka pa Januwale. Yambira Okutobala."

Ndinawerenganso masiku onse kuyambira pa 1 Okutobala, ndipo phiri la mvula linakhala pakati pa pepala, monga ankalijambulira iwo. Tsiku limenelo anamwetulira.

Patsamba lina la buku lofotokoza lija ndinapeza kuti mzere uliwonse woyamba ndi kachizindikiro konga kampanda, kompyuta imaudumpha osauwerenga. Ndinakondwa kwambiri. Pamwamba pa lamulo lililonse ndinkaika kampandako n'kulemba m'chinenero chathu: Atate, apa musinthe chaka. Atate, apa musakhudzepo. Ndinkafuna kuti sukulu ikatsegulidwa azitha okha. Zonsezo ndinazikoperanso m'kope la masamu.

Zaka zinayi zam'mbuyo zinatuluka bwino. Pulinta inkalira ngati nyenje, mapepala a mabowo m'mbali akutuluka pang'onopang'ono, ndipo atate ankawaika pambali pa magalafu awo a pensulo kuti aone ngati makinawo sakunama. Sankanama.

Lolemba la sabata yachitatu tinafika pa dzinja lapitalo, limene atate anali asanalijambule ndi pensulo. Ndinatayipa manambala, atate akuwerenga mofulumira kuposa masiku onse. Atafika pakati pa Febuluwale anati akufunidwa kushedi, ndipitirize ndekha. Ndinamaliza, n'kuuza kompyuta kuti ijambule.

Panatuluka mzati umodzi wautali wofika pamwamba penipeni pa galasi. Kompyuta inkadzisankhira yokha msinkhu wa galafu potengera nambala yaikulu kuposa zonse, choncho timizati tina tonse tinafupika ngati chiputu. Kumanzere kwa mzatiwo kunali mbee, masiku asanu ndi awiri opanda kanthu, pakati pa mwezi umene mvula sinkapuma.

Ndinaganiza kuti ndine ndalakwitsa. Ndinayang'ana malamulo anga mzere ndi mzere. Ndinatsegula buku lakuda n'kuika lula pansi pa tsikulo. Munali ziro zisanu ndi ziwiri zotsatizana, kenako 186.0, m'zolemba zaukhondo za atate. Lachiwiri lonse ndinkangojambula zaka zakale zomwe zija kuti ndioneke wotanganidwa. Atate sanafunse kuti dzinja lapitalo lili pati.

Lachitatu, titafika kunyumba, ndinatulutsa kabuku kanga m'pilo n'kubwerera ku Febuluwale. Ndinkadziwa kale chimene ndikapeze, koma ndinkafuna kuti mwina ndikhale kuti ndasokoneza masabata.

Amayi anga anadwala kuyambira Khirisimasi. Mu Januwale anapempha kuti akagone kwawo ku Chipangali, kwa akulu awo. Lachisanu lina mu Febuluwale woyendetsa lole anabweretsa uthenga kuti tipite msanga. Atate anayeza mvula ya m'mawa umenewo, n'kupempha mlonda kuti aziwayezera mpaka Lolemba, ndipo tinanyamuka. Amayi anamwalira Lamlungu. Tinawaika Lachiwiri. M'kabuku kanga, tsiku limenelo ndinalemba mizere itatu yokha, ndipo umodzi unali wakuti amuna ankakapa madzi m'manda ndi ndowa. Tsiku lotsatira, la kumeta, ndinalemba kuti nsapato zanga za kutchalitchi zatsala m'matope. Kenako mtsinje unadzaza, malole anaima tsidya lina, ndipo tinafika ku Chipata Lachisanu dzuwa likulowa.

Ndinawerenga ndi zala. Loweruka mpaka Lachisanu ndi masiku asanu ndi awiri. Mlonda uja sanayeze. Loweruka lotsatira atate anapeza chitini chodzaza ndi mvula ya masiku asanu ndi atatu, n'kuilemba yonse patsiku limodzi, ndipo m'mizere yotsalayo anaikamo ziro. M'buku la manambala zikwizikwi munthu sakanaona. Pagalasi ngakhale mwana wa Giredi 1 akanaloza ndi chala.

N'chifukwa chake Lachinayi lija ndinkapempha kuti magetsi asayake. Anayaka itangokwana leveni. Tisanavundukule n'komwe nsalu, Adokotala analowa, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Bambo, kwatsala dzinja limodzi, si choncho? Tiyeni tione mwana wanu wafika pati."

Ndinalakwitsa dzina la fayilo kawiri. Ndinaganiza zolakwitsa dala kachitatu, koma iwo anali ataweramira kale paphewa langa. Galasi linada, kenako mzati uja unaima.

Adokotala anaseka. "Ichi ndiye chiyani? Chigumula cha Nowa chinagwera pa ife tokha?"

Ndinamva atate akutseka buku lakuda pang'onopang'ono.

"Mvula yotere tsiku limodzi bwenzi shedi ija itapita ndi madzi," anapitiriza Adokotala. "Bambo, mukuikumbukira?"

"Madamu," atate anatero, mawu ali pansi, "mwanayu akuphunzira kumene. Mwina chala chinaterereka."

Adokotala ananditembenukira. "Ndi choncho, mtsikana?"

Ndinayang'ana mabatani. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti inde.

"Ndimaganiza choncho. Kawirikawiri ndi kadontho ka pakati pa manambala, kamathawa pamalo pake. Buku la atate ako sindifuna n'kuliona komwe, ndimalikhulupirira kuposa makinawa. Koma iwe, ndinali nditayamba kuuza anthu kuti ndapeza mwana wosamala. Ndinkafuna uzibwera tchuthi chilichonse, ndikuphunzitse zina." Anagwedeza makiyi aja. "Konza. Mawa m'mawa ndiipeze patebulo panga, Lolemba ndikupita nayo ku Lusaka."

Atatuluka, atate anapita kushedi ndipo sanabwereko mpaka nthawi yoweruka. Ine ndinakhala ndikuyang'ana mzatiwo. Ndinayesa kulamula kompyuta kuti galafu ilekezere pa mamilimita 80. Timizati tina tinakula bwino, koma uja unangodulidwa mutu, n'kuimabe mpaka kudenga. Ndinayesa kuika kampanda kutsogolo kwa mzere wa tsikulo. Mzati unasowa, ndipo Febuluwale anakhala ndi masiku asanu ndi atatu ouma, chinthu chimene aliyense amene anaponda matope chaka chimenecho akanatsutsa. Ndinachotsa kampandako.

Pobwerera sitinakwere njinga. Atate ankaikankha, ine ndili kumbuyo pang'ono. Malole a mumsewu waukulu ankatithira fumbi. Pamphambano anaima n'kugula zitumbuwa ziwiri, zonse n'kundipatsa ine.

"Idya."

"Sindili ndi njala, atate."

Tinayenda ndithu. Kenako ndinanena chinthu chimene ndinakhala ndikuchikonza pakhosi kuyambira masana.

"Atate, chala changa sichinaterereke."

"Ndikudziwa."

"Mlonda uja sanayeze?"

"Anaopa kuswa botolo. Anati mizere yake imamuzunguza mutu." Anakankha njinga kudutsa pamchenga. "Ndikanamunenera bwenzi atamuchotsa. Ali ndi ana asanu ndi mmodzi."

"Mukanangosiya mipata."

Anaima, koma sanandiyang'ane. Ankayang'ana belu la njinga.

"Ndinafika m'mawa umenewo ndisanagone, mutu wometa. Ndinatsegula buku. Mizere isanu ndi iwiri, mbee. Ndinakhala pansi, pa udzu wonyowa, cholembera chili m'manja. Sindikudziwa, mwanawe. Dzanja linangolemba lokha." Anapukuta kumaso ndi mpango. "Ndinkati ndidzauza bwana wakale uja. Kenako anachoka. Kenako anabwera awa ndi mawu awo aja."

"Mukawauza mawa?"

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti nambala zopeka zimene amadana nazo zili m'buku limene amalitama? Mndandanda wa otsala ukutuluka mwezi wamawa." Anayambanso kuyenda. "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ukuganiza kuti kuli wina ku Chipata kuno akufuna munthu wodziwa kuyeza mvula?"

Sanandipemphe kanthu. Ndikanakonda akanandipempha, chifukwa bwenzi nditakhala ndi wina womukwiyira. Anangoti, "Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anthu," ndipo titafika kunyumba anakhala pakhonde osavula nsapato.

Ndinaphika, tinadya. Nditatsuka mbale ndinakhala pakhomo la kukhitchini kuwala kusanathe, kabuku kanga kali pabondo. Ndinaganiza zogawa mvulayo pa masiku asanu ndi atatuwo, potsatira zimene ndinalemba mu Febuluwale: tsiku la maliro yambiri, la kumeta yocheperapo. Koma imeneyo inali mvula ya ku Chipangali. Ya m'chitini cha atate palibe anaiona ikugwa, ndipo ndikanapeka nambala zisanu ndi zitatu pamene pankafunika imodzi. Ndinaganiza zopita ndekha kwa Adokotala n'kuwauza zonse, za lole, za manda, za mlonda. Mwina akanamva chisoni. Mwinanso ayi. Sindinkawadziwa mokwanira kuti ndiike ntchito ya atate pa mwina, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaima pamaso pawo mawu athera pakhosi ndisanafike n'komwe pa Lamlungu.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti kompyuta sinalakwe. Ndinaiuza kuti ijambule zimene zili m'buku, ndipo inajambula. Kwa masabata atatu ndinali nditapeza chinthu chimodzi chimene ndinkachita bwino anthu akuona, ndipo ndinkadziona ndili wamkulu, ndikujambula magalafu a mitsinje kapena a matenda mu ofesi yangayanga. Tsopano ndinkayenera kuinamiza ndi zala zanga, ndipo lipotilo likanapita ku Lusaka ndi Febuluwale wouma amene sanakhaleko. Wina tsiku lina adzaliwerenga n'kunena kuti mtedza wa chaka chimenecho unapirira chilala. Ndinkadziwa kuti ndikachita zimenezo sindidzathanso kukhala pampando uja Adokotala akundiyang'ana mokoma mtima.

Pakhonde atate anatsokomola, n'kufunsa ngati ndatsekera nkhuku. Ndinati ndatsekera.

Ndinatsegula tsamba latsopano n'kulemba zochita mawa. Ndipita ndi atate monga mwa masiku onse. Ndisuntha kadontho malo amodzi kuti 186.0 ikhale 18.6, ndisindikiza galafuyo, ndikaiika patebulo pa Adokotala n'kupepesa kuti ndinali wosasamala. Ndikawauzanso kuti sindibweranso, kunyumba kuli chimanga chofunika kutong'ola. Kenako ndikakhazika atate pampando wachitsulo uja, kope la malamulo lili pambali pawo, kuti ajambule okha galafu ya chaka china kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, ine nditaima kumbuyo osakhudza batani.